Tsiku Limene Ndinawaveka Ba Zofiira

Ine kuno ku Ulaya, ku Erdington, chimene ndimaopa si kuzizira ayi, ndi envelopu yabulauni ya a Linda, ija yobwera ndi kalata ya chenjezo. A Linda ndi manejala wa nyumba yosamalira okalamba komwe ndimagwira ntchito. Envelopu yawoyo inandipezapo kamodzi, ndipo anandiuza mosapsatira kuti ikadzabwera yachiwiri tidzasiyana. Tsono kusiyana ndi a Linda si kusiya ntchito chabe. Viza yanga inamangidwa pa nyumba imeneyo ngati mbuzi pa chikhomo. Akakumasula amakupatsa miyezi iwiri yoti upeze wina wokulemba, zikakanika ndiwe wa pa ndege ya ku Chileka. Ndikanakamuuza chiyani Mwai, mwana wanga amene ndinamusiya ndi achemwali ku Chilomoni ali Fomu 2, nditamulonjeza kuti ndikupita kukakonza tsogolo lake?

Envelopu yoyambayo inabwera chifukwa cha keke. M'chipinda nambala 14 mumakhala gogo wina wachimwenye, dzina lawo Hansaben Thakrar, koma aliyense amangowatchula kuti Ba, kutanthauza mayi m'chinenero chawo. Ba sadya nyama, sadya nsomba, sadya dzira. Ndinkadziwa bwinobwino, zinalembedwa ngakhale pa chitseko. Koma pa sabata yanga yachiwiri panali phwando la tsiku lobadwa la gogo wina, ine n'kuwadulira Ba kachidutswa ka keke. Ndani amakumbukira kuti m'kati mwa keke mumabisala dzira? Mwana wawo, a Mukesh, analowa nyenyeswa zikadali pachibwano pa mayi awo. Bambo ameneyu ndi wovala tayi ngakhale Loweruka, ndipo kalata yodandaula imene analemba inali ya masamba awiri.

Chodabwitsa n'chakuti mwa okalamba onse makumi atatu, Ba ndiwo anali anzanga. Anabadwira ku Limbe, n'kukhala ndi sitolo ku Luchenza pamodzi ndi amuna awo mpaka m'ma 1970, nthawi imene Amwenye ambiri ankatseka masitolo n'kumabwera kuno. Matenda ofa ziwalo anawalanda dzanja ndi mwendo wakumanzere, n'kuwalandanso pafupifupi Chingerezi chonse. Chinatsala ndi Chigujarati chawo ndi Chinyanja cha m'sitolo. Tsiku loyamba ndinkalimbana ndi buleki ya njinga yawo ya olumala, kwinaku ndikung'ung'udza ndekha, ndiye ndinangomva mawu kumbuyo kwanga: "Iwe, siya pamenepo, uwononga katundu." Ndinatsala pang'ono kugwa. Misozi inalengeza, chifukwa sindinkayembekezera kumva chinenero changa pakamwa pa wokalamba wa kuno.

Koma Chinyanja chawo chinali cha malamulo okhaokha: bwera, tenga, ika apo, fulumira. Agogo anga aamuna ananyamula mabelo a nsalu kwa Mmwenye wina ku Limbe zaka makumi awiri, ndipo sanaitanidwepo ndi dzina lawo. Ine mtima umenewo ndilibe. Tsiku lachitatu ndinawauza kuti, "Ba, ine dzina langa ndi Edna. 'Iwe' anatsala ku Luchenza." Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka ndi theka la kamwa lomwe limagwira ntchito. Kuyambira pamenepo ndinasanduka "Iwe Edna", ndipo ndinaona kuti pa msinkhu wa zaka makumi asanu ndi atatu kudza zisanu, munthu wayesetsa.

Ndi iwo amene anandiphunzitsa kuveka sari, nsalu yaitali ija amavala amayi achimwenye. Pinda, pindanso, lowetsa m'chiuno, ponya paphewa, baya pini. Pomatha miyezi isanu ndi itatu ndinkaveka ndikucheza. Masari awo onse anali oyera, opanda duwa ngakhale limodzi. Ine ndinkangoti ndi yunifomu ya kumpingo kwawo, monga amachitira amayi a Mvano kwathu, ndipo sindinafunsepo. Pamwamba pa wadiropu panali sutikesi yakale yomangidwa ndi lamba, imene palibe ankaigwira kupatula fumbi.

Ndiye kunabwera nkhani ya ukwati. Krupa, mwana wa a Mukesh, amagwira ntchito yopereka mankhwala pa chipatala chachikulu cha ku Edgbaston, ndipo kumeneko anakapezako mnyamata wachizungu wa ku Dudley, dzina lake Kai. A Mukesh nkhaniyi anaimeza movutikira, zinawatengera zaka ziwiri. Atavomera, analumbira kuti popeza mkamwini wabwera wachilendo, zina zonse ziyende mwa mwambo osaphonya ngakhale pamodzi, kuti abale asakanene kuti banja la Thakrar lasochera ku Ulaya. Amene a Mukesh ankawaopa kwambiri anali azakhali awo, a Manjula, mlongo wa malemu bambo awo, amene ankabwera kuchokera ku Rajkot, ku India kwenikweniko. Ba anandiuza za iwo mwachidule: "Mlamu wanga. Pakamwa mpeni." Anali ataonana komaliza pa maliro a amuna awo a Ba, zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo.

A Linda anasankha ine kuti ndiwaperekeze Ba ku ukwatiwo, poti ndine amene ndimamvana nawo kwambiri. Pondiuza anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo n'kunena kuti, "Edna, chonde, ndisamve nkhani."

Loweruka la ukwati ndinafika m'mamawa ndi basi yoyamba. Amene ankaweruka anali Patience, mnzanga wa ku Lusaka, ndipo tinakumana pakhomo akuthamangira basi yake.

"Ba nawasambika kudala," anatero akumanga zipi ya jekete. "Kwasala che kuvala. Uzaniuza mwamene zayendela ka, unitumileko mapikicha."

Chimene anaiwala kundiuza n'chakuti a Mukesh anali atabweretsa dzulo lake sari yatsopano yoti mayi awo avale. Ndinaipeza itapindidwa pampando, yoyera ngati zinzake zonse, ndiye ndinangoti ndi yochokera kochapa. Ndinaitenga, n'kuitembenuza, mtima wanga n'kukana. Kwathu pa ukwati wovala zoyera ndi mmodzi yekha. Azakhali anga ena anabwera pa ukwati wa msuweni wanga atavala diresi loyera, ndipo mpaka lero, patatha zaka khumi, akadali kutchedwa mkwatibwi wachiwiri.

"Ba, lero ayi," ndinatero. "Zoyera ndi za mkwatibwi. Mukufuna anthu akanene kuti agogo akulimbana ndi mdzukulu wawo? Mulibe ina yowala pang'ono?"

Ba anandiyang'ana, n'kuyang'ana sari yoyerayo, kenako maso awo anakwera pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa wadiropu.

"Tsitsa," anatero.

Nditamasula lamba uja, m'chipinda monse munadzaza fungo la mankhwala othamangitsa njenjete. M'katimo munali masari mwina khumi ndi asanu, obiriwira, achikasu, abuluu, ena a maluwa osokedwa ndi ulusi wonyezimira. Ndinawakalipira ndithu kuti chuma chonsechi chikungogona pamwamba pa wadiropu pamene iwo akuyenda ngati odwala m'chipatala. Nditafunsa kuti avala iti, anapukusa mutu.

"Sankha iwe Edna."

Ine ndinasankha yofiira. Inali yofiira kwenikweni, ya silika wolemera, m'mphepete mwake muli mzere wagolide wokula ngati chikhatho. Pansi pa sutikesi ndinapezanso kachitini ka maswiti kodzaza ndi zibangili zagalasi, ndipo ndinawaveka zisanu ndi chimodzi ku dzanja lamoyolo. Nditamaliza anapempha galasi. Anadziyang'ana nthawi yaitali, akugwedeza dzanja pang'ono kuti zibangili zilire.

"Mwatchena, Ba," ndinatero, ndikudzimva kuti ndagwira ntchito.

Holo ya ukwati inali ku Edgbaston, ndipo tinapita pa takisi yonyamula njinga za olumala. Titalowa tinapeza ng'oma zikulira, maluwa paliponse, amayi atavala mitundu yonse imene Mulungu analenga. Ndinkakankha njinga ya Ba mutu uli m'mwamba. Anthu anayamba kutembenuka, ndipo phokoso linkatha mzere ndi mzere pamene tinkadutsa. Amayi ena achikulire anagwira pakamwa. Ine, chitsiru cha munthu, ndinkaganiza kuti akusirira, mwakuti ndinachepetsa liwiro kuti aone bwino.

Kenako ndinaona kumbuyo, pafupi ndi chitseko, agogo atatu atakhala pamzere wawo okha. Onse anali atavala zoyera zopanda duwa. Pambali pawo panali malo opanda mpando, okwana njinga imodzi, ndipo pakhoma anamatapo kapepala kolembedwa dzina la Ba. Ndinaimitsa njinga ndisanadziwe n'komwe chimene ndalakwa.

A Mukesh anatulukira ngati achita kugwa kuchokera kudenga. Sanakuwe. Anangogwira chogwirira cha njinga n'kutitembenuzira m'kakhonde kopita kuzimbudzi, ndipo chitseko chitatsekeka anandifunsa m'Chingerezi kuti wawaveka mayi ndani.

"Ndine, bambo."

"Ukudziwa chimene wachita?"

Ndinayamba kufotokoza za zoyera ndi mkwatibwi, koma anandidula. Analankhula mawu akutulukira m'mano. Anati mayi awo ndi namfedwa, ndipo kwa iwo namfedwa wa m'badwo umenewo amavala zoyera mpaka tsiku lake lomaliza. Anati zofiira ndi zibangili ndi za mkazi amene mwamuna wake ali moyo. Anati namfedwa pa ukwati amakhala kumbuyo, ndipo kubwera naye atavala chonchi, kwa akuluakulu aja kuli ngati kuitanira tsoka pa banja latsopanolo.

"Miyezi isanu ndi itatu ukuwaveka zoyera tsiku ndi tsiku," anatero, "ndipo sunafunsepo chifukwa chake?"

Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona. Ndinachita manyazi kwambiri, ndipo pansi pa manyaziwo panali mantha, chifukwa ndinkaiona envelopu ya a Linda ngati ili m'manja mwanga kale.

A Mukesh anatuluka, n'kubwerako ndi sari yoyera imene anabwereka kwa mmodzi wa agogo atatu aja, amene ankayenda ndi yapadera m'chikwama. Anandiponyera m'manja. Anati azakhali awo a ku India afika nthawi ina iliyonse, ndipo asawapeze mayi awo ali chonchi. Anandipatsa mphindi khumi, n'kunena kuti zikapitirira pamenepo aimbira a Linda.

Ndinawalowetsa Ba m'kachipinda kosinthira zovala n'kugwada patsogolo pawo.

"Ba, mwandiphetsa," ndinatero. "Bwanji osandiuza?"

Ndinatambasula dzanja n'kumasula pini ya paphewa. Pomwepo dzanja lawo lamoyo lija linandigwira pamkono, zibangili n'kulira. Sindinkadziwa kuti gogo woonda chonchija angakhale ndi mphamvu zotero.

"Usandivule."

"Ba, ntchito yanga itha. Mwana wanu anandidandaulira kale kamodzi kwa a Linda. Akawaimbira lero ndibwerera kwathu."

"Edna," anatero, ndipo aka kanali koyamba kunditchula popanda "iwe" kutsogolo. "Usandivule."

Ndinakhala chogwada, pini ili m'manja. Ndinakumbukira mayi anga. Bambo atamwalira, mayi anavala zakuda chaka chimodzi, ndipo chaka chimenecho chinatalika ngati sichidzatha. Chitatha, azakhali anabwera, anawasambitsa, anawavula zakudazo n'kuwapatsa chitenje chachikasu. Ndimakumbukirabe m'mene anayendera popita kumsika tsiku limenelo, akupatsa moni ngakhale anthu amene sankalankhulana nawo. Chimenecho chinali chaka chimodzi. Apa panali mayi amene anadikira zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo palibe anabwera kudzamuvula.

Sindinganame kuti ndinalimba mtima. Pobwezera pini ija ndinadzibaya chala. Koma kuvula munthu wamkulu akukana, akukuyang'ana m'maso, ine sindingathe. Ngakhale pa maphunziro a ntchito yathu amatiuza zomwezo, kuti thupi ndi la mwini wake, ngakhale kuti panthawiyo za maphunzirozo sindinaziganize n'komwe. Ndinapinda sari yobwerekayo bwinobwino n'kutsegula chitseko.

"Bambo Thakrar, mayi anu akana," ndinatero. "Kulakwa ndi kwanga, ndikuvomera. Koma sindingawavule mokakamiza."

A Mukesh anawerama n'kulankhula ndi mayi awo m'Chigujarati nthawi yaitali, mawu okwera ndi otsika, mwina kunyengerera, mwina kuopseza. Ba anayankha mawu awiri okha n'kuyang'ana kukhoma. Pamenepo bamboyo anaweramuka, anatulutsa foni n'kuimba. A Linda sanayankhe poti linali Loweruka, ndiye anasiya uthenga. Ndinamva dzina langa likutchulidwa kawiri, ndiponso mawu akuti kalata ibwera Lolemba.

Asanabweze foni m'thumba, chitseko cha khonde chinatseguka. Analowa gogo wamfupi wa ndodo, tsitsi lodula lalifupi, kumapazi nsapato zothamangira, m'dzanja lina muli foni yaikulu. Sari yawo inali ya pinki wowala, woti ungamuone uli tsidya lina la msewu. A Mukesh anathamanga kukagwira mapazi awo mwa ulemu wa kwawo, kenako anaima mokhala ngati akufuna kutchinga njinga ya mayi awo. Apo ndinadziwa kuti awa ndiwo a Manjula, a pakamwa mpeni aja. Gogoyo anawakankhira pambali a Mukesh ndi ndodo ngati akusuntha nsalu ya pakhomo.

Amayi awiriwo anayang'anana. A Manjula anaona sari yofiirayo kuyambira paphewa mpaka kumapazi, kenako maso awo anaima pa zibangili. Anafunsa m'Chingerezi chomveka bwino, chifukwa anali mphunzitsi asanapume, kuti wawaveka ndani. Ine ndinali nditafa kale, ndiye ndinangoyankha kuti ndine.

"Ubwere udzandivekenso ine mawa," anatero. "Mapindidwe ako ndi abwino kuposa a mpongozi wanga."

A Mukesh anayamba kupepesa, kunena kuti ndi wantchito wosadziwa mwambo, kuti akonza msanga. A Manjula anawayang'ana ngati mwana amene walakwitsa samu yophweka.

"Mukesh, amuna anga anamwalira liti?"

"Zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo, azakhali."

"Ndiye ndavala chiyani ine? Kapena maso ako akalamba kuposa anga?"

Bamboyo anayang'ana sari ya azakhali awo. Ndikhulupirira kuti mantha anali atawatseka maso, mwakuti pinki yenseyo anali asanamuone.

"Inu munachoka ndi India wa agogo anu mu sutikesi," anapitiriza a Manjula, "munapita naye ku Africa, kenako munabwera naye kuno, ndipo simunamutsegulepo. Ife amene tinatsala kumeneko takhala tikukangana naye tsiku ndi tsiku. Sindikunena kuti zonse zinatha ayi. Kumidzi zilipobe, ndipo ena amavala zoyera chifukwa mtima wawo wafuna, zimenezo n'zawo. Koma ine ku Rajkot ndimakhala kutsogolo pa ukwati uliwonse wa adzukulu anga, ndipo palibe banja limene lagwa chifukwa cha ine. Mwana wako akukwatiwa ndi mnyamata wa ku Dudley, iwe n'kumaopa mtundu wa nsalu?"

Kenako anasiya ndodo ija itatsamira khoma, n'kugwira dzanja la Ba la zibangili ndi manja onse awiri. Mawu awo anatsika. Zimene ananena poyamba zinali m'Chigujarati, koma anatembenukira kwa ine n'kubwereza m'Chingerezi, ngati ndikuyenera kudziwa.

"Zibangili izi ndinamuvula ndine, tsiku la maliro a mchimwene wanga. Ndine ndinamuveka zoyera. Ndi m'mene tinaphunzitsidwira, ndipo ndinachita ndi mtima wonse. Itafika nthawi yanga, ana anga aakazi anakana kuti ndivale zoyera, inenso sindinalimbane nawo. Tsiku limenelo ndinamukumbukira uyu. Ndinachita manyazi kumuimbira foni, ndipo manyaziwo atha zaka zisanu ndi chimodzi."

Ba sanalire. Anangogwedeza dzanja kuti zibangili zilire m'manja mwa mlamu wawoyo, n'kunena kanthu kena kakafupi kamene kanaseketsa a Manjula misozi ikutsika. Sindinafunse kuti anati chiyani.

Mkwatibwi anamva kuti kukhonde kuli nkhani, ndipo anabwera yekha atanyamula mpendero wa chovala chake. Nayenso anali atavala zofiira. Apo m'pamene ndinazindikira kuti ndalakwitsa kawiri, chifukwa chinthu chomwe ndinkathawa, choti agogo afanane ndi mkwatibwi, n'chimene ndinachita. Krupa anaima, anagwira pakamwa, kenako anagwada n'kuika mutu pamiyendo pa agogo ake osasamala za utoto wa kumaso. Anati chibadwire chake sanawaonepo Ba atavala mtundu wina uliwonse. Atadzuka anandiuza kuti ndikankhire njingayo kutsogolo, pafupi ndi pamene wansembe anayatsa moto wa ukwati.

Ndinakankha. Si onse anakondwa ayi. Mmodzi mwa agogo a zoyera aja anatembenuzira nkhope kukhoma ndipo sanadye chakudya cha masana. Koma pamene Krupa ndi Kai anamaliza kuzungulira moto, anabwera kudzawerama kwa Ba poyamba, ndipo Ba anaika dzanja pamitu yawo, wina kenako wina. Mayi ake a Kai, amene sankadziwa kalikonse ka zimene zachitika, anabwera kudzandiuza kuti agogo aoneka bwino kwambiri.

A Mukesh sanandilankhulenso tsiku lonselo. Ukwati unakoma, anthu anavina, koma ine chakudya chinkangozungulira m'kamwa, chifukwa uthenga uja unali utapita kale ndipo unkandidikira mu foni ya a Linda. Lamulungu ndinapita kutchalitchi, koma mukandifunsa zimene abusa analalikira sindingakuuzeni. Patience anandiimbira madzulo atamva nkhaniyo, akudziimba mlandu chifukwa choiwala kundiuza za sari ija.

"Manje uzachita bwanji, mwana?" anafunsa.

"Ndiyamba kufunsira ku makeya homu ena osamalira okalamba," ndinayankha. "Ukamva koti akupereka siponsa ya viza undiuze."

Mwai ananditumizira uthenga wofunsa za ukwati wa Amwenye, ndipo ndinangomutumizira chithunzi cha maluwa.

Lolemba ndisanavule n'komwe jekete, anandiuza kuti a Linda akundifuna. Ndinalowa mu ofesi maso anga ali patebulo, kufunafuna chabulauni. Panali kapu ya tiyi, makiyi ndi foni basi. A Linda anandiuza kuti ndikhale, n'kundimvetsera uthenga wa Loweruka uja wonse, kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Utatha anakweza chala kuti ndisalankhule, n'kutsegula wachiwiri, umene unabwera Lamulungu masana.

Anali a Mukesh omwewo, koma mawu ali otopa. Anati uthenga woyamba uja auiwale, kalata sibwera. Kenako anati ngati n'kotheka, Edna atsitse sutikesi ija n'kupachika zovalazo mu wadiropu, kuti mayi azisankha okha m'mawa uliwonse.

"Ndilemba m'fayilo mwawo kuti zovala amasankha okha," anatero a Linda. "Koma Edna, ulendo wina ukaona chinthu chimene sukuchimvetsa, funsa."

Ndinavomera, ndinathokoza, ndinatuluka mwaulemu ngati munthu wamkulu. Nditafika m'chipinda chochapira ndinatseka chitseko, ndinakhala pa mulu wa matawulo n'kulira, kenako n'kuyamba kuseka ndekha. Mtima unapepuka mwakuti ndinamva njala koyamba kuchokera Loweruka, ndipo ndinadya mabisiketi onse amene Patience amabisa kuseri kwa sopo.

Ba ndinawapeza atadzuka kale, akuyang'ana pawindo. Ndinatsitsa sutikesi n'kuyamba kupachika masari aja limodzilimodzi. Mantha atachoka, mkwiyo unapeza malo, ndiye ndinawatembenukira.

"Ba, ndikufunseni. Loweruka lija munkadziwa kuti zofiira zibweretsa mlandu?"

"Ndinadziwa."

"Ndiye munangondisiya ndisankhe? Mukanandichotsetsa ntchito, mukudziwa? Mwana wanga akanadya sari yanuyo?"

Anasisita bulangete ndi chala. Kenako analankhula pang'onopang'ono, akufunafuna mawu m'Chinyanja chawo cha m'sitolo, chimene sichinapangidwire nkhani ngati imeneyi.

"Pepani, Edna. Ine ndinalakwa kwa iwe. Koma zaka zonse, wondiveka ine ndi munthu wodziwa. Mlamu wodziwa, mpongozi wodziwa, mwana wodziwa. Wodziwa safunsa. Iwe wekha unabwera wosadziwa, unati, Ba, mulibe ina? Ine zaka makumi atatu ndikudikira munthu afunse."

Ndinatembenukira ku wadiropu n'kumakonza mahang'ala amene anali okonzeka kale, mpaka maso anauma. Kenako ndinatsegula zitseko zonse ziwiri kuti aone bwino, zoyera mbali ina, zamitundu mbali ina.

"Chabwino," ndinatero. "Lero muvala iti? Koma musankhe nokha, ine ndalapa."

Ba anayang'ana nthawi yaitali, kuyambira kumanzere mpaka kumanja, osafulumira. Kenako anakweza dzanja, zibangili n'kutsetserekera kuchigongono, n'kuloza yobiriwira.